Mount ikuyenda koma nyenyezi zikutuluka mizere, ndithandizeni, ndili ku Bvumbwe

Mphunzitsi wa ku Bvumbwe

Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi vuto landisowetsa tulo. Achimwene anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg ananditumizira mount (makina onyamula telesikopu n'kumaitembenuza kutsatira nyenyezi) ya HEQ5 yogwirapo kale ntchito, katelesikopu ka 400 mm, ndi chingwe cha EQDIR cholumikizira mount ku laputopu. Kamera ndi Canon yanga yakale. Ndaika mapulogalamu a EQMOD (yoyendetsa mount) ndi N.I.N.A. (yojambulira), laputopu ikuiona mount bwinobwino, ndikadina batani imatembenuka. Koma ndikajambula masekondi 30 okha, nyenyezi iliyonse ikutuluka mzere wautali. Chodabwitsa n'chakuti nditazimitsa tracking (kutsatira nyenyezi kwa mount) mizere ija inafupika. Mount ikamayenda mizere ikutalika, ikaima ikufupika.

Vuto lachiwiri, kum'mwera kwa nyumba yanga kuli mabulugamu a esiteti ya tiyi, ataliatali, moti kumene kuli pole (pamalo pamene thambo limazungulirapo, pamene mount iyenera kuloza) sindikuonako n'komwe. Mavidiyo amene ndaonera akungokamba za Polaris, nyenyezi ya pa pole ya kumpoto. Ndikufunitsitsa kujambula Omega Centauri, gulu la nyenyezi lobulungira ngati mpira, mwezi uno ikadali pamwamba, ndikawaonetse ana a kalabu ya sayansi kusukulu kwathu. Ndiyambire pati?

Mayi a Tamanda, Mulanje boma

Aphunzitsi, takulandirani. Musanakhudze bawuti iliyonse, tsegulani EQMOD pa Setup mutijambulire pamene palembedwa latitude, longitude ndi hemisphere. Mutijambulirenso mount yonse mmene mwaiimikira, miyendo ioneke.

Mphunzitsi wa ku Bvumbwe

Ndatumiza zonse ziwiri, mayi.

Mayi a Tamanda, Mulanje boma

Ndaziona. Vuto lili pa chithunzi choyambacho. Latitude mwalemba 16 koma pambali pake pali N, ndipo hemisphere ili pa North. Mount siisunga zimenezi m'mimba mwake, ngakhale inachokera ku Joni. Mukailumikiza ndi chingwe cha EQDIR imangomvera zimene laputopu yaiuza, ndipo laputopu yanu ikuiuza kuti muli kumpoto kwa equator.

Chikuchitika ndi ichi. Dziko limazungulira kamodzi pa maola 23, mphindi 56 ndi masekondi 4, ndiye nyenyezi zimasuntha pafupifupi ma arcsecond 15 pa sekondi iliyonse (arcsecond ndi gawo limodzi mwa magawo 3600 a digiri). Ntchito ya mount ndi kuzitsatira pa liwiro lomwelo. Koma munthu woyang'ana pole ya kumpoto amaona thambo likuzungulira mbali ina, ife oyang'ana pole ya kum'mwera timaliona likuzungulira mbali inayo. Mount yanu yaloza kum'mwera, n'zoona, koma mota ikuzungulira mwa anthu a kumpoto. M'malo mothetsa ma arcsecond 15 aja ikuwonjezerapo 15 ena, kukhala 30. N'chifukwa chake ikaima mizere ikufupika ndi theka.

Sinthani kukhala S ndi South. Longitude ikhale E, 35 ndi kadontho kake, tengani pa GPS ya foni. Mu N.I.N.A. latitude imalembedwa ndi minus kutsogolo, longitude yopanda minus. Onaninso wotchi ya laputopu, ikhale pa UTC+2 ndipo nthawi ikhale yolondola. Laputopu zambiri zogula kunja zimabwera ndi nthawi ya kwawo, munthu n'kungokonza manambala a wotchi osakonza zone. Ola limodzi likalakwika, mount imaphonya ndi madigiri 15.

Wa ma sola, Thyolo boma

Ine ndaona chithunzi chachiwiricho. Aphunzitsi, kabokosi kakuda kamene kali pansiko ndi adaputa ya chiyani? Ikuoneka ya decoder.

Mphunzitsi wa ku Bvumbwe

Eya achimwene, ndi ya decoder, yalembedwa 12V 1A.

Wa ma sola, Thyolo boma

Ichotseni lero lomwe. Mount imeneyo imafuna 12V ya ma amp osachepera awiri, makamaka pamene ma mota onse awiri akuthamanga nthawi imodzi. Mphamvu ikachepa mota imalira mokhadzula n'kuima panjira, koma kompyuta imangoganiza kuti yafika. Kuyambira pamenepo chilichonse chimene mungalamule chiziphonya. Mukaona kanyali kofiira ka pa mount kakuphethira, dziwani kuti voltage yatsika.

Komanso magetsi athuwa mukuwadziwa, amatha kuzima pakati pa usiku chithunzi chili mkati. Batire ya sola ya 12V yotchaja bwino ndiyo yankho, muike fyuzi pa waya wa positive, ndipo musasinthanitse mawaya, kachitsulo ka pakati pa pulagi ndiko positive. Mukasinthanitsa bolodi ya m'kati imapsa ndipo kuno simuipeza. Waya akhale wonenepa komanso wamfupi, wowonda amadya voltage panjira.

Bambo a Chikondi, Luchenza

Zikomo mayi a Tamanda ndi mwana wanga wa ma sola, mwagwira pamene pali nthenda. Ine ndilankhulepo za mabulugamuwo, chifukwa aphunzitsi akudandaula chinthu chosafunika kudandaula.

Choyamba mvetsani chimene tikufuna. Tengani ambulera yotambasula, muipendeketse, muzizunguza ndi chogwirira chake. Nsalu yonse ikuzungulira koma pamene pali ndodo sipasuntha. Thambo lili chomwecho, ndipo pamalo posasunthapo ndi pamene timati pole. Kuimika mount ndi kungoonetsetsa kuti chitsulo chake chachikulu, cha RA, chimene chimazungulira potsatira nyenyezi, chaloza kumene yaloza ndodo ya ambulerayo. Kutalika kwa pole kuchokera pansi kumafanana ndi latitude ya malo amene muli. Ife a Thyolo ndi Mulanje tili pafupifupi madigiri 16 kum'mwera, ndiye pole yathu ili madigiri 16 okha kuchokera m'mphepete mwa dziko. Tambasulani mkono, chibakera chimodzi ndi madigiri 10, ndiye ndi chibakera chimodzi ndi theka. N'pafupi kwambiri ndi pansi. Mtengo uliwonse, nyumba ya aneba, ngakhale kachitunda, kamatseka.

Ndipo ngakhale akanadula mitengo yonseyo, simukanapindula kwenikweni. Anzathu a kumpoto ali ndi Polaris yowala. Ife tili ndi Sigma Octantis, kanyenyezi kofooka ka magnitude 5.4 (muyeso wa kuwala, nambala ikakula nyenyezi imakhala yofooka), kotalikirana ndi pole pafupifupi digiri imodzi. Pamwamba pa phiri usiku wopanda mwezi mukhoza kukaona ndi maso, koma pansi kuno, kudzera m'nkhungu ya m'minda ya tiyi ndi utsi wa m'makhitchini, mutha usiku wonse mutagwada pa kagalasi ka polar scope, koonera pole m'kati mwa mount, osakapeza.

Njira yanga imayamba masana. Pezani chingwe cha amisiri omanga, chija amamangirira kachitsulo kunsonga poongola khoma. Chipachikeni pamalo pamene muziimika mount. Miyezi ino dzuwa likudutsa kumpoto kwathu, ndiye likafika pakatikati pa ulendo wake, mthunzi wa chingwecho umaloza kum'mwera kwenikweni. Koma samalani, pakati pa tsiku pathu si 12 koloko. Nthawi ya dziko lino inayezedwa pa longitude 30, ife tili pa 35, ndiye dzuwa limatipeza msanga ndi mphindi pafupifupi 20. Mu June ndi July muziyembekezera cha m'ma 11:40 kupitirirako pang'ono. Pulogalamu ya mapu a thambo ya Stellarium ikuuzani mphindi yeniyeni ya tsikulo. Nthawi ikakwana lembani mzere pansi motsatira mthunziwo, khomani misomali iwiri. Mwapeza kum'mwera kosanama. Kampasi ya foni musaikhulupirire, imapatuka ndi madigiri angapo, ndipo ikayandikira chitsulo cha mount imasokonekeratu.

Mwendo wa tripod umene uli ndi kachitsulo kotuluka pamwamba, ena amaulemba N, kuno umaloza kum'mwera. Kenako sikelo ya latitude ya pambali muiike pa 16.

Mlongo wa ku Thekerani

Pepani kulowerera, ine ndine wongoyamba kumene, ndili ndi kamera ndi tripod basi. Bambo a Chikondi, nanga Mtanda wa Kum'mwera suthandiza? Tinaphunzira kuti umaloza kum'mwera.

Bambo a Chikondi, Luchenza

Umathandiza mwana wanga, pongofuna kudziwa mbali. Tengani mzere wautali wa Mtandawo, kuchokera ku nyenyezi ya kumutu kupita ya kuphazi, muupitirize kanayi ndi theka, mwafika pafupi ndi pole. Koma kuyeza kwa maso kumaphonya ndi madigiri awiri kapena atatu, pamene kujambula kumafuna kuphonya kosakwana gawo limodzi mwa magawo khumi a digiri. Komanso kuno Mtanda umalowa. Uli madigiri 30 kuchokera pa pole, pole ili pa 16, ndiye ukazungulira kupita kunsi umamira. Mu October madzulo simuuona.

Mayi a Tamanda, Mulanje boma

Njira ya mthunzi ya bambo a Chikondi ndi imene inenso ndinagwiritsa ntchito pakhomo panga. Kuno ku boma tili ndi mwayi, phiri lili kumpoto ndi kuvuma, kum'mwera n'koyera mpaka ku Mozambique. Komabe pole sindiiyang'ana. Ikatha ntchito ya mthunzi, yotsalayo ndi ya kompyuta.

Aphunzitsi, mufunika zinthu ziwiri. Choyamba ndi ASTAP. Imeneyi ndi pulogalamu imene imatenga chithunzi chanu, n'kuyerekeza kakhalidwe ka nyenyezi zili mmenemo ndi kaundula wake, n'kukuuzani ndendende pamene telesikopu yaloza. Ndiyo timati plate solving. Ubwino wake siifuna intaneti usiku, bola mutsitsiretu kaundula wa nyenyezi, D20 kapena D50. Ndi wamkulu ndithu, tsitsani ndi bandulo ya usiku kapena mukapita ku Limbe. Mu N.I.N.A. mulembe focal length 400 ndi kukula kwa pixel ya kamera yanu molondola, apo ayi ASTAP izingokanika osakuuzani chifukwa.

Chachiwiri ndi plugin ya N.I.N.A. yotchedwa Three Point Polar Alignment. Mumaloza telesikopu kulikonse kumene kuli nyenyezi, kaya kuvuma, kaya kuzambwe, kutali ndi mabulugamu anuwo. Imajambula chithunzi, imatembenuza RA pang'ono, imajambulanso, imatembenuzanso, kachitatu. Malo atatu amenewo ali pa mkombero umodzi, ndipo pakati pa mkomberowo ndi pamene chitsulo cha mount chaloza. Kompyuta ikawerengera imakuuzani kuti mwaphonya mochuluka bwanji m'mwamba kapena pansi, ndi kumanja kapena kumanzere. Ndiye inu mumagwira mabawuti, ija ikupitiriza kujambula, manambala akusintha mukuona.

Mfundo zingapo zimene ndinaziona ndi manja anga. Muyambe mount ili pa home, chitsulo cholemera chili pansi, telesikopu yaloza kum'mwera, musanayatse. Sankhani mbali imodzi ya thambo kuti zithunzi zitatuzo zisawoloke meridian, mzere wa kumwamba wochokera kumpoto kudutsa pamutu kupita kum'mwera. Nyenyezi zikhale pa focus, masekondi atatu kapena asanu akukwana. Potembenuza mabawuti a m'mbali, masulani imodzi kenako mumange inzake, musakakamize. Bawuti ya latitude ikalimba, nyamulirani mutu wa mount ndi dzanja pang'ono kuti kulemera kuchoke pa bawutiyo, chifukwa imapindika. Ndipo mukatembenuza, chotsani manja mudikire chithunzi chatsopano chibwere musanatembenuzenso. Ambiri amathamangira, nambala n'kudumphira mbali ina.

Mnyamata wa ku Phalombe

Odi pagulu. Ine ndili kuseri kwa phiri, kum'mwera kwanga konse ndi mwala wokhawokha, ndiye nkhani ya kuona pole kwa ine inatha kalekale. Ndimagwiritsa Raspberry Pi, kompyuta yaing'ono, yokhala ndi mapulogalamu a KStars ndi Ekos, mount imalumikizidwa kudzera pa pulogalamu ya INDI. Nayonso ili ndi polar alignment ya zithunzi zitatu yosafuna pole. Ubwino wake imadya moto wochepa kwambiri poyerekeza ndi laputopu, imamangiriridwa pa mwendo wa tripod, ine ndimakhala m'nyumba ndi foni pa WiFi yake. Mu July kunja kuno kumazizira koopsa. Aphunzitsi, bwanji osangosamukira kumeneku?

Mayi a Tamanda, Mulanje boma

Ayi achimwene, musawasokoneze. Ali kale ndi laputopu, EQMOD ikugwira, COM port yapezeka. Kuwauza ayambe Linux ya pa Pi lero ndi kuwawonjezera mavuto atsopano vuto loyamba lisanathe. Ajambule kaye chithunzi chimodzi chabwino ndi zimene ali nazo. Za Pi adzaziona chaka chamawa akafuna.

Mnyamata wa ku Phalombe

Ndamva mayi. Koma pa nkhani ya batire ndiye ndikuumirirabe, laputopu yakale siifika 2 koloko.

Wa ma sola, Thyolo boma

Pamenepo mukunena zoona. Koma asagule inverter. Kusintha 12V kupita 230V kenako tchaja n'kubwezanso ku 19V ndi kutaya moto kawiri. Pali ma adaputa a laputopu a m'galimoto, amakweza 12V kufika 19V mwachindunji. Achepetsenso kuwala kwa sikirini.

Mphunzitsi wa ku Bvumbwe

Ndabwerera ndi nkhani yabwino ndi ina yovuta. Nditasintha kukhala South, masekondi 30 nyenyezi zatuluka timadontho. Ndinaitana mayi akunyumba adzaone. Mthunzi ndinalemba dzana masana, ASTAP ikugwira.

Yovuta ndi iyi. Nditatsitsa mount kufika pa 16, chitsulo cholemera chija chikugunda mwendo wa tripod wa kum'mwerawo. Mount ikamatembenuka chimakhula mwendo. Ndinachita kuima.

Bambo a Chikondi, Luchenza

Mwachita bwino kuima, mukanawononga magiya. Limeneli ndi vuto la ife tonse okhala pafupi ndi equator. Ku Ulaya mutu wa mount umaimirira chifukwa pole yawo ili pamwamba kwambiri kuposa yathu. Kwathu kuno mutu umagona, ndiye ndodo ya zitsulo zolemera imalendewera pafupi ndi mwendo.

Njira zilipo zitatu. Yosavuta, kwezani chitsulocho chikhale pafupi ndi mutu wa mount. Katelesikopu kanu n'kopepuka, chitsulo chimodzi chikukwana, ndipo mwina ndodo simufunika kuitulutsa yonse. Yachiwiri, yang'anani pamwamba pa tripod. Ena ali ndi bowo lachiwiri losamutsirako kachitsulo kotuluka kaja, kuti ndodo izilendewera pakati pa miyendo iwiri. Mukatero samalani, kulemera konse kumakhala mbali yopanda mwendo, mount ikhoza kugwa chafufumimba. Mangirirani thumba la mchenga pakati. Yachitatu ndi kuika chitoliro chokweza mutu pamwamba pa tripod. Ine changa anandiwotcherera amisiri a pa Luchenza pompano, ndinangowapatsa muyeso wa mabowo.

Musafupikitse mwendo umodzi kuti mupendeketse tripod. Ena amatero, koma mukatero bawuti ya m'mbali imasunthanso kutalika, ndiye manambala a pa kompyuta amavuta kuwakhazika.

Mlongo wa ku Thekerani

Funso lina. Manambala amenewa afike pati kuti munthu anene kuti zakwana?

Mnyamata wa ku Phalombe

Ine sindiyamba kujambula isanatsike pansi pa arcminute imodzi, gawo limodzi mwa magawo 60 a digiri.

Bambo a Chikondi, Luchenza

Apa ndiye nditsutsane nawe mwana wanga. Tiyeni tiwerengere. Mukaphonya pole ndi arcminute imodzi, nyenyezi imasuntha mu declination (mbali ya kumpoto ndi kum'mwera pa thambo) pafupifupi kota ya arcsecond pa mphindi, ikachulukitsa. Telesikopu ya aphunzitsi ndi 400 mm. Pixel ya Canon zambiri zakale ili cha m'ma micron 4.3. Chulukitsani 4.3 ndi 206, gawani ndi 400, mupeza kuti pixel imodzi ikuona ma arcsecond awiri ndi pang'ono. Ndiye ngakhale ataphonya ndi ma arcminute atatu, pa chithunzi cha mphindi ziwiri nyenyezi siimaliza n'komwe pixel imodzi. Nanga kutha ola lathunthu kusakasaka theka la arcminute n'kwa chiyani?

Palinso mpweya. Kuwala kochokera pafupi ndi pansi kumapindika, ndipo pa madigiri 16 kumakweza chinthu ndi ma arcminute atatu. Ndiye pali pole yeniyeni ndi pole yooneka, ndipo kusiyana kwake n'kokulirapo kuposa nambala imene ukulimbana nayoyo. Chimene chimawononga kwenikweni kuno ndi dothi. Katondo wathu wofiirayu akanyowa ndi chiperoni amafewa, mwendo umamira pang'onopang'ono usiku wonse, munthu ukungopondaponda pambali. Waimika bwino 7 koloko, pofika 10 koloko zasuntha. Aphunzitsi, kumbani timaenje titatu, thiranimo simenti, ikauma boolani pamene nsonga ya mwendo uliwonse izikhala, pakani penti. Tsiku lililonse mukaika miyendo m'mabowo omwewo muzipeza mwaphonya pang'ono chabe, ntchito ya mabawuti izitha mphindi zisanu.

Mnyamata wa ku Phalombe

Pa 400 mm ndavomera, bambo. Yanga ndi 1000 mm ndipo ndimajambula mphindi zisanu, n'chifukwa chake ndimalimbikira. Za simentizo ndikachita sabata ino.

Mayi a Tamanda, Mulanje boma

Nonse muli ndi mfundo. Koma aphunzitsi adziwiretu kuti ngakhale pole ikhale ndendende, pali china chimene chidzawaletse kupitirira mphindi imodzi kapena ziwiri. Giya ya RA ya HEQ5 ili ndi mano 135, ndiye worm yake, kachitsulo koyendetsa giyayo, imazungulira kamodzi pa masekondi 638, mphindi khumi ndi theka. Palibe giya yosulidwa mwangwiro, ndiye pa kuzungulira kulikonse mount imathamanga pang'ono kenako n'kutsalira pang'ono. Nyenyezi zimatuluka zazitali mbali ya RA pa zithunzi zina, pa zina zozungulira bwino. Mukadzaona zimenezo musadzakhudze mabawuti a pole, si kumeneko.

Mankhwala ake ndi guiding, katelesikopu kakang'ono pamwamba ndi kakamera kake, ndi pulogalamu ya PHD2 imene imayang'anira nyenyezi imodzi n'kumabweza mount ikapatuka. Mukadzafika pamenepo, lumikizani PHD2 kudzera pa EQMOD, osati chingwe cha ST-4, kuti izidziwa kumene telesikopu yaloza. Mu EQMOD kwezani pulse guide rate (liwiro lobwezera mount), imabwera ili pa 0.1, ikani 0.5 kapena kupitirirapo, apo ayi calibration, pamene PHD2 imaphunzira mayendedwe a mount, imakanika. Calibration muzichitira pa nyenyezi ya pafupi ndi equator ya thambo komanso pafupi ndi meridian. Nthawi ya dzinja Akamwiniatsatana ndiwo malo ake enieni, miyezi ino yang'anani chakumpoto kwa nyenyezi ya Spica kukangoda.

Koma pa Omega Centauri simufunika zonsezi. Ndi yowala kwambiri. Jambulani zithunzi zambirimbiri za masekondi 30 kapena 45, tayani zoipa, zotsalazo muziphatikize mu pulogalamu ya Siril kapena DeepSkyStacker. Ili pa declination ya minus 47, kuno imakwera kufika madigiri pafupifupi 59, pamwamba pa mitengo yanuyo. Anthu a ku Ulaya ambiri saiona n'komwe, ife ili pakhomo.

Gogo wa ku Chonde

Ana anga, ine za makompyuta sindizidziwa, ndimangowerenga zimene mumalemba chifukwa nyenyezi ndimazikonda kuyambira ubwana. Koma ndili ndi mawu amodzi kwa aphunzitsi. Mukukumbukira 2017, mphekesera za anamapopa mmene zinavutira kuno ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo. Anthu anataya miyoyo chifukwa chongokayikiridwa. Inu mukhala panja pakati pa usiku ndi makina olira, mawaya, kanyali kofiira ndi chinthu chachitali cholozetsa kumwamba. Wodutsa sadziwa kuti n'chiyani. Pitani kwa amfumu masana, mukawafotokozere. Auzeninso a chitetezo cha m'mudzi. Tsiku lina mwezi uli wa theka itanani aneba ndi ana awo, chotsani kamera muike galasi loonera, aliyense aone mapiri a pa mwezi ndi maso ake. Akaona okha, ndi iwo omwe azidzakutetezani.

Mphunzitsi wa ku Bvumbwe

Agogo, mawu amenewa ndawasunga. Amfumu ndikawaona Loweruka, ndipo ana a kalabu ndi makolo awo ndiwaitana mwezi ukadzaoneka.

Mayi a Tamanda, Mulanje boma

Agogo anena zofunika kuposa zonse talemba pano. Ine mlonda wa pafupi ndi kwathu ndi amene amandidzutsa mitambo ikachoka.

Mphunzitsi wa ku Bvumbwe

Pepani ndinakhala chete, chiperoni chinatseka kuno, kumangowaza usana ndi usiku. Dzulo kunayera. Chitsulo ndinachikweza m'mwamba, sichikugundanso. Three Point inayamba ndi kuphonya kwa digiri imodzi ndi pang'ono m'mbali, ndi theka la digiri m'mwamba, kutanthauza kuti mthunzi wa bambo a Chikondi unandifikitsa pafupi. Ndinatsitsa kufika ma arcminute awiri ndi theka n'kusiya pomwepo. Nditalamula Omega Centauri, mount inapita, N.I.N.A. inajambula, inaona kuti yaphonya pang'ono, inadzikonza yokha mpaka mpira wa nyenyezi uja unakhala pakati penipeni. Ndinangoti kakasi. Pa sikirini pakuoneka nyenyezi zosawerengeka, pakati zothithikana, m'mbali zomwazikana.

Koma patapita ola, zithunzi zinayamba kuchita mbuu, nyenyezi zikufufuma, kenako ASTAP inayamba kukanika. Kumwamba kunali koyera. Chalakwika n'chiyani?

Wa ma sola, Thyolo boma

Mame amenewo. Munaunika galasi la kutsogolo?

Mphunzitsi wa ku Bvumbwe

Ndinaunika pomaliza, linali lonyowa ndithu, ndi laputopu yomwe.

Wa ma sola, Thyolo boma

Chikangotha chiperoni mpweya umakhala wodzaza chinyezi, galasi likazizira kuposa mpweya madzi amakhalapo. Musapukute ndi nsalu, mukanda. Pamafunika kalamba kotenthetsa kokulunga kutsogolo kwa telesikopu. Ogula alipo a USB, koma tikhoza kupanga. Ma resistor a 330 ohm, lililonse pa 12V limatulutsa pafupifupi 0.4 watt. Mukalumikiza khumi mwa parallel mwapeza ma watt anayi, okwanira katelesikopu kanuko. Mutenge a theka la watt kapena okulirapo, muwasokere m'kansalu, fyuzi osaiwala. Cholinga si kutenthetsa galasi kuti lizimveka kufunda, ndi kungolikweza pang'ono pamwamba pa mpweya. Muyatse poyamba pomwe, osadikira mame agwe. Laputopu muiike m'katoni yogoneka chammbali, kutentha kwake komwe kumaiumitsa. Mukabwera ku boma Lachisanu mundipeze, ma resistor ndili nawo.

Mnyamata wa ku Phalombe

Onjezani kachitoliro ka pepala lolimba lakuda kutsogolo, kotalika kuposa kamene kalipo. Kamachedwetsa mame ngakhale popanda moto.

Mayi a Tamanda, Mulanje boma

Aphunzitsi, chithunzi mwatumizacho ndachikulitsa mpaka m'makona, nyenyezi n'zozungulira. Ntchito yagwirika. Chotsatira muyese mtambo wowala wa Lagoon, M8, ndi dera lonse la pakati pa Mlalang'amba ku Sagittarius. Pakati pa Mlalang'amba pali pa declination ya minus 29, kuno pamadutsa pa madigiri 77, pafupifupi pamutu penipeni, kumene mpweya uli wochepa. Miyezi yake ndi ino. Pofika September ndi October utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimaphimba, ngakhale phirili silioneka bwino masana.

Koma chinthu cha pamutu chimawoloka meridian usiku uli mkati, ndiye mukumana ndi meridian flip. Telesikopu imayenera kutembenukira mbali ina ya mount, apo ayi kamera ikagunda mwendo. N.I.N.A. imachita yokha mukaiyatsira, koma ulendo woyamba muimirire pomwepo dzanja lili pafupi ndi switch. Yesani masana kaye: masulani ma clutch (tizogwirira tomanga RA ndi declination), tembenuzani ndi manja mbali zonse, muone ngati pali chingwe chimene chikukoka kapena kukola pa bawuti. Zingwe zonse zimangidwe pamodzi zitsikire pafupi ndi pakati pa mount. Mu EQMOD ikaninso malire a RA kuti iime yokha ngati flip yakanika inu mutagona.

Mphunzitsi wa ku Bvumbwe

Ndamva mayi. Simenti ndagula kale theka la thumba. Funso lomaliza lero: ndikathira simentiyo, mzere wa mthunzi ndilembenso kapena misomali ija ikukwana?

Bambo a Chikondi, Luchenza

Musazule misomali. Imikani tripod mmene inalili dzulo pamene manambala anakhala bwino, lembani pozungulira nsonga ya mwendo uliwonse, kumbani pamenepo. Miyendo musaitalikitse, ikhale yofupika mmene ingathere, ndipo muilembe ndi penti pamene mwamangira. Simenti muipatse masiku asanu musanaikepo kulemera, muzithirira madzi m'mawa.

Mlongo wa ku Thekerani

Bambo a Chikondi, nanga ine wa kamera ndi tripod chabe, lens ya 18 mm, Mlalang'amba ndingaujambule masekondi angati nyenyezi zisanayambe kutalika?

Bambo a Chikondi, Luchenza

Yambani ndi 15, ISO 3200, lens yotsegula mpaka mapeto, focus ya manja pa nyenyezi yowala. Kulitsani chithunzi pa kamera muone. Zikakhala timadontho yesani 20. Ku Thekerani kulibe magetsi ambiri, mdima wake ndi wabwino kuposa wa kuno ku Luchenza. Mutitumizire chimene chituluke.